Masamu a Nthambo ndi Mwana wa ku Chiradzulu

Usiku wa Loweruka, pa 23 Januwale 1915, anthu a John Chilembwe atanyamuka ku Mbombwe, gulu lina linalunjika ku Magomero kunyumba kwa William Jervis Livingstone, lina linalowera ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti. Nkhani ziwirizi ngakhale mwana wa ku pulayimale amazidziwa. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti usiku womwewo anthuwa anadulanso nthambo za lamya, ina mwa izo yolumikiza Blantyre ndi Mikolongwe, kuti mbiri ya nkhondoyo ichedwe kuwapeza akuluakulu a boma. Alimi amenewa, aphunzitsi a m'midzi ndi anthu otopa ndi thangata, anali atazindikira kuti mphamvu ya Mzungu sinali mumfuti mokha. Inalinso mu nthambo yoonda ija yokolekedwa pamitengo m'mbali mwa msewu, imene inkanyamula mawu mofulumira kuposa mthenga aliyense wa miyendo. Ntchito ya nthamboyo ankaidziwa bwino, ndipo ankadziwa poidula. Koma munali chinthu china mu nthambo imeneyo chimene munthu wakuda aliyense wa ku Nyasaland analibe pochiphunzirira: masamu amene ankalola kuti mawu ayende mtunda wautali osafera panjira.

Lero pa Boma la Chiradzulu pali nsanja za netiweki, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika amalandira ndalama kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg kudzera pa foni ya m'manja. Komabe mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene wasankhidwa kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi zamtokoma amakagwira njakata chaka choyamba chomwe, akakumana ndi calculus, manambala a complex ndi phunziro limene amalitcha signal processing. Anthu ambiri amati vuto ndi mutu wa mwanayo, ena amati ndi ulesi wa ana a masiku ano. Ine ndikuona kuti mbiri ya boma lino ikunena zina. Kwa zaka zoposa 120, maphunziro apamwamba afika ku Chiradzulu kudzera m'dzanja la munthu mmodzi amene anakhala pansi ndi mnzake n'kumulongosolera, pomwe makwerero amene sukulu zinayenera kuika kuyambira pansi mpaka pamwamba akhala oduka pakati. Mwambo wothandizana umenewu ndiwo wakhala ukutseka mpatawo. Tiyenera kuulemekeza, ndipo tiyeneranso kuvomereza kuti pawokha sukwanira.

Tisanapite patali, masamu amenewa ndi otani? Mchewa aliyense amasiyanitsa mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, ngakhale zilembo zake n'zofanana, chifukwa pa liwu limodzi mawu amakwera pomwe pa linzake sakwera. Kukwera kwa mawu kumeneko ndi kuchuluka kwa maulendo amene kholingo limanjenjemera pa sekondi imodzi, ndipo poyankhula kawirikawiri amakhala pakati pa 100 ndi 250. Khutu la mwana wa zaka zitatu limawerenga kale kusiyanaku popanda cholembera. Mu 1822 katswiri wa ku France, Joseph Fourier, anasindikiza buku losonyeza kuti funde lililonse, ngakhale lokhotakhota chotani, likhoza kugawidwa kukhala mafunde ang'onoang'ono osalala, monga mmene munthu wodziwa nyimbo amatolera besi payekha ndi soprano payekha kwaya ikuimba pamodzi. Mu 1928 Harry Nyquist, ndipo mu 1948 Claude Shannon, anaika poyera lamulo lakuti ngati ufuna kusandutsa mawu kukhala manambala osataya kanthu, uyenera kuwayeza mowirikiza kuposa kawiri maulendo amene funde lofulumira kwambiri la m'mawuwo limanjenjemera pa sekondi. N'chifukwa chake lamya za digito zinakhazikika pa kuyeza mawu ka 8,000 pa sekondi, popeza mbali ya mawu a munthu imene lamya imanyamula sifika pa 4,000. Masamu onsewa amakhala pamwamba pa algebra ndi trigonometry wa ku sekondale, monga denga limakhalira pa khoma. Khoma likakhala lopendama, mmisiri wa denga alibe chochita.

Nthambo zinafika m'dziko muno msanga ndithu. Kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa African Transcontinental Telegraph Company, imene inayamba mu 1892 ndi cholinga cholumikiza Cape Town ndi Cairo, inadutsitsa nthambo yake ku Blantyre ndi ku Zomba zaka za m'ma 1890 zisanathe, n'kupitirira m'mbali mwa nyanja mpaka ku Karonga. Kampaniyi inkafuna anyamata odziwa kugogoda zizindikiro za Morse, ndipo sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Robert Laws anatsegula mu 1894, inawaphunzitsa. Anyamata amenewo anaigwira ntchitoyo mwaluso. Tsono taonani mnzawo wa ku England, Oliver Heaviside. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka 16, iyenso anayamba ngati kalaliki wogogoda matelegalamu, koma anali ndi mwamuna wa m'bale wa mayi ake, Charles Wheatstone, mmodzi mwa oyambitsa telegalafu, amene anamulozera njira. Anali ndi mabuku a James Clerk Maxwell pafupi, ndi magazini a amisiri a zamagetsi amene ankasindikiza zimene walemba. M'zaka za m'ma 1880 kalaliki ameneyu analemba masamu ofotokoza chifukwa chimene uthenga umasokonekera mu nthambo yaitali ndi mmene angaukonzere, ndipo ophunzira uinjiniya amawawerengabe. Kalaliki wa ku Livingstonia sanali wochepa nzeru poyerekeza ndi Heaviside. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anali ndi pokwera akafuna kudziwa chifukwa chake zinthu zikuchitika, pomwe winayo anaphunzitsidwa kugogoda, n'kuuzidwa kuti maphunziro athera pomwepo.

Apa ndi pamene Chiradzulu ikulowa m'nkhaniyi ndi mphamvu. Chilembwe anatsegulidwa maso ndi munthu mmodzi, Joseph Booth, amene anamulemba ntchito ya pakhomo mu 1892 n'kupita naye ku America mu 1897. Anaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa mishoni ku Mbombwe, imene inadzatchedwa Providence Industrial Mission (PIM). Liwu lapakatilo ndi lofunika. Chilembwe ankafuna sukulu imene munthu angaphunzire kuwerenga, Chingerezi ndi masamu, kwinaku akuphunzira kuumba njerwa, kusoka ndi ulimi wa mbewu zogulitsa, kuti mutu ndi manja zikulire pamodzi ndiponso kuti munthu wakuda adzilembe yekha ntchito. Anabwera kudzamuthandiza a L. N. Cheek ndi mayi Emma DeLany, anthu akuda a ku America otumidwa ndi National Baptist Convention. Pofika 1912 sukulu za mishoniyi zinali ndi ana pafupifupi 1,000, kuwonjezera pa akuluakulu mazana angapo. Aphunzitsi ochita maphunziro a uphunzitsi okwanira ana onsewa kunalibe. Monga zinalili m'mishoni zina zonse, amene wafika kalasi yapamwamba ankaphunzitsa a pansi pake, ndipo monitala wotere ankaphunzitsa m'mawa zimene iye mwini waphunzira dzulo. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene anamaliza kumanga cha m'ma 1913 chinali umboni wakuti ku Mbombwe kunali anthu odziwa kuyeza, kuwerengera njerwa ndi kuimika ngodya yolunjika. Pafupi pomwepo, ku Nsoni, kunkakhala John Gray Kufa, amene mishoni ya Blantyre inamuphunzitsa zachipatala mpaka pamene Mwafirika ankaloledwa kufika, ndipo sanapitirire chifukwa pamwamba pake panalibe kalasi ina yomulandira.

Wina angatsutse kuti ndikukoka nkhani ndi chingwe chachitali, popeza masamu a ku PIM sanapitirire kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, ndipo palibe sukulu ya pulayimale pa dziko lapansi imene inkaphunzitsa za Fourier mu 1912. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti Chilembwe akanapanda kuphedwa pa 3 Febuluwale 1915 bwenzi ku Mbombwe kutatuluka mainjiniya a zamagetsi. Mfundo yanga ili pa zimene zinachitikira makwererowo akadali pa sitepe yoyamba. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero eni ake sankalola sukulu, ndipo matchalitchi a udzu a PIM, amene ankagwiranso ntchito ngati makalasi, anawotchedwa. Nkhondo itatha asilikali anaphulitsa tchalitchi cha njerwa chija, mishoni inatsekedwa, ndipo Kufa anaphedwa ndi boma pamodzi ndi ena ambiri mwa anthu ophunzira a m'derali. Pamaso pa komiti yofufuza za kuukirako, Azungu ambiri a minda analoza chala maphunziro eni ake, kuti ndiwo apatsa munthu wakuda mtima wodzikuza, ndipo zinatengera M'busa Alexander Hetherwick wa ku Blantyre kuti aime n'kuwateteza. Tsono dera limene linayesa msanga kuposa ena ambiri kumanga sukulu yakeyake yophatikiza mutu ndi manja ndilo linalandira chilango chowawa, ndipo kwa zaka khumi kuphunzira kwambiri kunkaoneka ngati mlandu m'midzi yozungulira phiri la Chiradzulu.

Amene anadzatsegulanso PIM anapulumukira pa njira yomwe ija ya dzanja limodzi. Daniel Sharpe Malekebu anali mwana wa sukulu ku Mbombwe amene mayi DeLany anamukonda n'kumuphunzitsa pakhomo pawo. Iwo atabwerera kwawo, mnyamatayo anawatsatira mpaka ku America, kumene anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917, zaka 20 Hastings Kamuzu Banda asanamalize pa sukulu yomweyo. Atayesa kubwera kwawo koyamba boma linamukaniza, anakagwira ntchito ku Liberia, ndipo analoledwa kudzatsegulanso mishoni mu 1926. Nkhani ya Malekebu imakoma kuimva, koma ili ndi mbali yomvetsa chisoni imene sitiyenera kuilumpha. Mayi DeLany anali ndi ana ambiri m'kalasi, ndipo anatha kunyamula mmodzi. Booth ananyamula mmodzi. Thandizo la munthu payekha limafika patali zedi, koma limatenga mwana mmodzimmodzi, ndipo amene watengedwayo nthawi zambiri ndi amene anali pafupi ndi khomo la wothandizayo. Mwa ana mazana ambiri amene anakhala pa benchi limodzi ndi Malekebu munali ena akuthwa pa masamu ngati iye, ndipo iwo anakathera kumunda wa fodya kapena ku migodi ya ku Joni.

Zaka zotsatira tingazidutse mwamsanga chifukwa zimene zinachitika n'zochepa. Kwa nthawi yaitali boma la atsamunda linkapereka mapaundi 1,000 okha pa chaka kuti mishoni zonse zigawane. Komiti ya Phelps-Stokes, imene inayendera dziko lino mu 1924, inalimbikitsa maphunziro oyenerana ndi moyo wa kumudzi, kutanthauza ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Nthambi ya boma yoona za maphunziro inayamba mu 1926. Sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza inabwera mu 1951. Kunena kwina, pamene Shannon ankalemba masamu amene foni ya lero yaimapo, dziko lonse la Nyasaland linali ndi sukulu za sekondale ziwiri zokha. Maphunziro a luso la manja analipo, ukalipentala, zomangamanga, umakaniki, koma anapatulidwa kutali ndi masamu ngati kuti mmisiri safunika kudziwa chifukwa chimene chinthu chake chaimira. Mpatuko umenewo unakhazikika m'maganizo athu mpaka lero: mwana wokhoza bwino amapita ku yunivesite, wolephera amapita kokaphunzira ntchito zamanja.

Ufulu utabwera, makwerero anayamba kumangidwa kuchokera pamwamba. Polytechnic inatsegulidwa pa Chichiri ku Blantyre mu 1965 ndi thandizo la dziko la America, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pa Boma la Chiradzulu, ndipo inayamba ndi madipuloma a amisiri madigiri a uinjiniya asanabwere. Chaka chomwecho James Cooley ndi John Tukey anasindikiza njira yachidule yowerengera mafunde a Fourier pa kompyuta, imene lero ili mu foni iliyonse. Chaka chotsatira makina a pa Nkula anayamba kupukusa magetsi pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linayamba kufuna anthu omvetsa magetsi otembenuka ka 50 pa sekondi. Koma malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, mwakuti ana ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, ena kusintha mayina, kudikira kusankhidwa. Kwa otsalirawo boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965, imene inadzakhala MCDE. Maphunziro ankabwera pa mapepala kudzera pa positi, ena ankamveka pa wailesi ya MBC, ndipo pa malo ophunzirira pankakhala mphunzitsi wa pulayimale ngati woyang'anira chabe. Aliyense amene anaonapo mmene masamu amalowera m'mutu akudziwa kuti pepala ndi wailesi sizingaone pamene wasochera. Ana a pa MCDE amene anakhoza masamu anakhozera kwa mnzawo wa ku sekondale ya boma amene wabwera ku tchuthi ndi makope ake, kwa kalaliki wa pa Boma amene anakhozapo MCE, kapena kwa Bulazala wa ku Nguludi amene anali ndi mpata madzulo. Unali umonitala womwe uja wa ku Mbombwe, utangosintha malo.

Pali ena amene anganene kuti zaka zoposa 60 za ufulu n'zokwanira, tileke kukankhira zonse kwa atsamunda. Ndikugwirizana nawo kwakukulu, ndipo mbiri yomweyi ikutiweruza ifenso. Mu 1981 dziko linatsegula Kamuzu Academy, yokhala ndi zonse, ya ana ochepa osankhika m'boma lililonse, pomwe zikwi za anzawo zinkaphunzira sekondale pa positi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchitoyo. Chinali chilungamo kutsegulira ana onse khomo, koma m'badwo wathunthu unaphunzira mafulakishoni kwa anthu amene iwo eni mafulakishoni ankawaopa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo a MCDE aja anasandutsidwa sukulu za CDSS, ambiri mwa iwo opanda labotale ndiponso opanda mphunzitsi amene anaphunzira masamu ku koleji. Phunziro la Additional Mathematics, limene ndilo mlatho weniweni wopita ku calculus, limapezeka m'sukulu zowerengeka. Zonsezi tinasankha tokha. Komabe kuvomereza zimenezi sikufafaniza zakale, chifukwa mphunzitsi wa masamu amapangidwa ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo dziko limene linayamba ufulu ndi anthu ochepa chotero odziwa masamu apamwamba silikanawachulukitsa m'zaka zochepa. Cholakwa chathu n'chakuti titaudziwa mpatawo tinapitiriza kukongoletsa denga.

Tsono kodi wothandiza wabwino amachita chiyani chimene kalasi ya ana 80 kapena holo ya ku yunivesite singachite? Amapeza pamene ulusi unadukira. Wophunzira wa chaka chachiwiri ku MUBAS, dzina limene Polytechnic inatenga mu 2021, kapena ku MUST ku Thyolo, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014, amabwera akunena kuti Laplace transform yamukanika. Mnzake wa chaka chachinayi akamupatsa cholembera kuti ayambe yekha samuyo, mizere itatu isanathe amaona kuti Laplace alibe mlandu: wophunzirayo sadziwa kuphwanya fulakishoni ya algebra kukhala tizigawo, chinthu chimene chinayenera kukhazikika zaka zinayi zapitazo. Wina amaloweza kuti sine ndi mbali iyi kugawa ndi mbali iyo ya thirayango, koma palibe anamuonetsa kuti ndi mthunzi wa kadontho kozungulira, ngati valavu ya tayala la njinga imene imakwera ndi kutsika njingayo ikuyenda. Akangoona zimenezo, magetsi a ESCOM ndi funde la wailesi zimasiya kukhala zamatsenga. Ndipo kawirikawiri kulongosola kotere kumachitika m'Chichewa, kapena m'Chichewa chosakaniza ndi mawu a m'buku, pansi pa mtengo kapena m'chipinda chogona, kumene munthu sachita manyazi kunena kuti abwerezenso. Anthu ena amati masamu sangakambidwe m'chinenero chathu. Akanamvetsera magulu okambirana a ophunzira usiku mayeso atayandikira, akanapeza kuti akhala akukambidwamo kuyambira kale, kungoti palibe amene anawalemba.

Chitsutso chimene chili ndi mano kwambiri n'chakuti mwambo umene ndikuuyamikirawu uli ndi mbale wake woipa. Thandizo limasanduka malonda, mphunzitsi n'kumasunga mbali ina ya silabasi kuti akaiphunzitse ku part-time kwa okhawo amene alipira. Limasandukanso kukopera: mmodzi amalemba asayimenti, anthu makumi awiri n'kusintha dzina lokha. Pamapeto pake pali likasa, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kumayenda pa mafoni. Lero foni yomweyo imatha kupereka yankho la samu iliyonse ya chaka choyamba mwana asanamalize kuwerenga funso. Sindikukana chilichonse mwa izi. Koma malire a pakati pa thandizo ndi chinyengo ndi oonekeratu, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo amawadziwa: wothandiza amasiya cholembera m'dzanja la wophunzira, ndipo akachoka wophunzirayo amatha samu yotsatira yekha. Pa uinjiniya malire amenewa ali ndi mtengo waukulu kuposa pa maphunziro ena, chifukwa thiransifoma siwerenga satifiketi, ndipo amene anakopera yankho ku koleji adzaima pamaso pa makina amene yankho lake silili kumapeto kwa buku. Kuipa kwa likasa kotero kukutiuza kuti thandizo loona likusowa, ndipo kumene likusowa ana amagula lonama. Foni ikhoza kukhala monitala wabwino kwa mwana wa pa CDSS amene alibe womufunsa, malinga pakhale munthu womuzolowetsa kuifunsa chifukwa chake, osati yankho lokha.

Enanso amafunsa ngati boma losauka, la anthu othinana pa timinda ting'onoting'ono, likufunikiradi masamu a mafunde pamene chimanga sichifika mwezi wa Januwale. Yankho lili pa Chiradzulu pomwepo. Pa chipatala cha boma, chimene mu 2001 chinali mwa malo oyamba m'dziko muno kupereka ma ARV kwa anthu a kumudzi mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, makina ounikira mwana ali m'mimba amagwira ntchito potumiza funde n'kuwerenga mmene labwererera. Ku Nguludi, kumene kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview ndi koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi awo, kuyeza makutu ndi kuyeza mafunde amene khutu likulandira ndi amene likutaya, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kamakweza okhawo otayikawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Zithunzi za satelayiti zimene zinasonyeza njira ya namondweyo, ndi mauthenga a chenjezo amene anafika kapena kulephera kufika, zonse ndi ntchito ya masamu omwewa. Pa msika wa pa Boma pali anyamata aluso okonza mafoni ndi mawailesi, amene amachotsa kachipangizo kopsa n'kuikapo kena ndi dzanja losanjenjemera. Iwo aima pamene anaima kalaliki wa Morse wa ku Livingstonia. Ambiri mwa iwo akanatha kukwera, ndipo mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, William Kamkwamba, amene anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atawerenga buku la m'kalaibulale ka kumudzi, anasonyeza kutalika kwa mtunda umene munthu wotere angayende akapeza pogwira pamodzi pokha.

Chodabwitsa cha Chiradzulu n'chakuti lero zipangizo zomalizira makwererowo zili m'boma momwemo, kungoti sizikhudzana. Ku Nguludi kuli Catholic University of Malawi kuyambira 2006, ndipo imaphunzitsa aphunzitsi a ku sekondale. Kuli koleji ya boma yophunzitsa aphunzitsi a pulayimale. Ku Mikolongwe, kumene nthambo ija inkathera, kuli sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP, ndipo PIM ikadali ndi sukulu zake ku Mbombwe. MUBAS ili pafupi, ndipo tchuthi chilichonse ophunzira ake a kuno amabwerera kumudzi ndi makope odzaza calculus, n'kukhala miyezi iwiri akusaka ganyu. Amene amathandiza ana a Folomu 3 ndi Folomu 4 amatero mwa kufuna kwawo, kwa abale awo ndi ana a oyandikana nawo, monga anachitira mayi DeLany. Khonsolo ya boma, mipingo ndi makomiti a sukulu angathe kuwalemba mayina ophunzira amenewa, kuwapatsa kalasi ya pa CDSS imene imakhala yotseka mwezi wa Ogasiti, choko ndi kangachepe ka thiransipoti, n'kuitana ana onse a m'deralo, kuphatikizapo okonza mafoni a pamsika amene akufuna kubwerera ku algebra. Mphunzitsi mmodzi wodziwa ntchito angamawayendere kuona kuti cholembera chili m'dzanja la ndani.